Mileme ya M'denga la Ba Anti

Lolemba

Zatheka! Mutu wa kafukufuku wanga ndaupeza, ndipo uli pamwamba pa bedi langa: mileme ya m'denga la ba Anti, amene akundisunga kuno ku Kabwata. Anzanga a m'kalasi akulimbirana mabasi a ku Makeni kukasaka achule m'matope. Ine ndingokwera pampando. Ba Dokota, oyang'anira kafukufuku wanga, anakana kale mitu ina imene ndinawapatsa. Akakananso uwu, gawuni la omaliza maphunziro ndidzangoliona pa ena chaka chino. Koma sakana.

Lachiwiri

Neti yanga ya udzudzu ndaitchera pakabowo kamene mileme imatulukira dzuwa likamalowa. Ndagwira:

inswa zodzaza dzanja,
masamba a mango,
mleme umodzi!

Makutu aakulu, milomo yokwinyika, mchira wotuluka kunja ngati wa mbewa, mimba yoyera mbee. Ndi wodya tizilombo, osati zipatso. Ndisanayeze phiko wandipulumuka m'magolovesi. Palibe kanthu, maso anga sanama. Mtundu uwu sunalembedwepo mu Lusaka, ndikulumbira. Neti yang'ambika, udzudzu uli paphwando. Kanthu n'khama.

Lachitatu

Chithunzi chimene ndinajambula pafoni ba Dokota akuchitembenuza uku ndi uku. "Ni muleme uyu olo ni nsapato?" Nsanje basi. Komabe avomera kubwera Loweruka madzulo kudzaona okha gulu lonse likutuluka. Akaona, avomereza mutu. Ndauza ba Anti kuti kukubwera Dokota wa ku yunivesite. Akhala pansi, dzanja pachifuwa. "Dokota? Mu nyumba muno?" Akundinyadira, zikuchita kuonekera.

Lachinayi

Makatani achapidwa. Makapu a m'kabati, amene ngakhale abusa sanamwerepo, atuluka. Nkhuku yagulidwa, ili yomangirira kumpopi. Ba Anti akuzungulira nyumba akununkhiza, kenako andifunsa ngati madokota amamva fungo msanga. Ndawafotokozera bwinobwino kuti fungolo ndi la zitosi za mileme, ndipo zitosizo ndi umboni wa sayansi. Angoti "mm". Munthu ukafotokoza zomveka, anthu satsutsa.

Lachisanu

Tsiku lonse ku laibulale. Dzina la Chilatini la mleme uja ndalikonza kale, langa lalowamo bwino kwambiri.

Pobwera ndapeza:

makwerero pakhoma,
utsi wa tsabola nyumba yonse,
ba Mwansa, kalipentala wa kutchalitchi kwathu, akusamba m'manja.

Kabowo kaja kamatidwa ndi simenti! Ba Mwansa akumwetulira: "Tumileme tonse twathawa, iwe mwaiche. Ba anti bako bakamba ati kubwela mulendo mukulu, sitingamulandile na vinunkha." Kulira ndikufuna, koma tsabola wandiliza kale.

Ayi, mileme siiwala pamene inazolowera. Ibwerera. Ndatokosa simenti ija ndi supuni. Supuni yapindika.

Loweruka

Ba Dokota afika kuchokera ku Woodlands, kamakina komvera kulira kwa mileme kali m'manja. Taima pabwalo, makosi m'mwamba. Dzuwa lalowa. Kamakina kali zii. Ndikuwauza kuti mtundu uwu ndi wamanyazi, umachedwa kutuluka. Patuluka nalimata mmodzi, watiyang'ana, wabwerera.

Ba Dokota adya nkhuku, awonjezera, ayamikira makatani. Ba Anti agwada powathira madzi m'manja, nkhope ili ngwee. Polowa m'galimoto ba Dokota anditsina khutu: "Ubwele pa Mande na mutu wina."

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ba Anti andigwira phewa. "Waona? Olo kamuleme kamozi sikanatichititse nsoni. Uzapasa, mwana wanga." Ndathokoza. Ndikanatani?

Mileme yanga ndaiona madzulo ano. Yasamukira kwa aneba amene sitiyankhulana nawo chiyambire mkangano wa mpanda, ndipo ali ndi agalu. Ikutuluka mwadongosolo, mimba zoyera mbee.

Mawa ndiuza ba Dokota za achule, kenako ndikwere basi ya ku Makeni. Bola chule alibe denga loti ba Anti n'kumata.