Mbuzi Zanga ndi Monografia ya Mayi a Tina

Kuno ku Tete chinthu chikawonongeka timanamizira kutentha. Mkaka ukasasa, kutentha. Basi ikachedwa, kutentha. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku limene ndinatsala pang'ono kuthetsa banja langa ndi manja anga awiriwa, dzuwa lisanalakwe chilichonse.

Ndiyambe ndaulula matenda anga. Amuna anzanga akaweruka kuntchito amapita kukamwa kapena kukaonera mpira. Ine ndimajambula mapu a mayiko amene kulibe (inde, ndili ndi ndevu komanso mwana wa sukulu, sekani ndithu). Pali pulogalamu ina imene umalemba nyanja, mitsinje ndi malire, kenako n'kumadinda tizithunzi ta mapiri, mitengo ndi mizinda. Kompyuta yake inali ya m'manja, ya akazi anga, mayi a Tina. Iwo m'mawa amaphunzitsa kupulayimale, madzulo n'kukaphunzira kuyunivesite, ndipo chaka chimenecho ankamaliza monografia, chibuku chija munthu amapereka kuti alandire digiri. Anandilola kumaigwiritsa ntchito akachoka, ndi lamulo limodzi lokha, loti ndisakhudze zinthu zawo.

Tizithunzi ta m'pulogalamumo tinkandinyansa. Mitengo yake ya paini yokhayokha, mapiri a chipale chofewa, ndi zinjoka zamapiko zolavula moto. Ine wakwathu ku Angónia, wokhala ku Mpadue, ufumu wanga ungakhale bwanji wopanda mlambe ndi mbuzi? Ndinatenga foni n'kujambula mlambe wa kuseri kwathu, kenako tonde wa aneba, amene anaima bwino kuposa anthu ena paukwati. Zithunzizo ndinazilowetsa m'pulogalamu momwe zinalili, n'kuyamba kudinda. Mbuzi m'zigwa, mbuzi m'mapiri, mbuzi pakhomo pa mfumu. Zinapitirira chikwi, ndipo mtima wanga unali mbee. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kompyuta inayamba ulesi. Ndikati ndisunthe mapu, inkayamba yaganiza kaye. Ndinkatha kudinda mbuzi imodzi, kupita kukasamba, kubwerako, mbuziyo isanafike.

Monga katswiri, ndinadziwa pompo kuti ndi vayirasi. Ndinalowetsamo mapulogalamu atatu opha mavayirasi, ndipo atatuwo anayamba kusakana okhaokha, aliyense akuti mnzake ndiye mbava. Zitakanika, ndinafunsa pagulu la pa intaneti la anthu odwala matenda ngati angawa. Wina anayankha mwaulemu kuti tizithunzi tanga ndi tolemera bwanji, poti chithunzi cha pafoni chimafunika kuchichepetsa kaye. Ndinaona kuti ndi nsanje chabe. Munthu wa mitengo ya paini angandiuze chiyani za mbuzi?

Ndiye ndinayamba kupepuza kompyuta. Ndinafufuta nyimbo za kwaya, ndinafufuta masewera a mwana wathu Tina. Pakona panali kachizindikiro kena kamene kankangozungulira tsiku lonse, kakudya intaneti yanga. Ndinakazimitsa. Sindinadziwe kuti n'kamene kankatumiza kope la monografia kukasungidwa pa intaneti mayi a Tina akalemba, ndipo sindinafunse, chifukwa katswiri safunsa.

Panapita masabata awiri zinthu zikungoipiraipira. Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, masana dzuwa lili pamutu, kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, pansi pake potentha poti n'kuwotcha ntchafu. Apa maso anga anatseguka. Kutentha! Ndinailozetsa fani, osasintha. Ndinaikhazika pa mabotolo awiri a madzi ozizira, inapepukako pang'ono. Nzeru zinandiuza kuti ngati kuzizira pang'ono kwathandiza pang'ono, kuzizira kwambiri kuthandiza kwambiri. Mayi a Tina anali atapita kukaonana ndi aphunzitsi awo, poti monografia inkaperekedwa Lachisanu likubweralo.

Ndinaikulunga m'nsalu n'kupita nayo kwa Dona Rosa, aneba athu ogulitsa nsomba, amene ali ndi chifiriji chachikulu chija chotsekulira pamwamba.

"Dona Rosa, ndithandizeni konjeladori yanu, dezi minutu basi."

"Mwagula nyama, vizinyu?"

"Ayi, ndi komputadori. Yatentha thupi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi a Tina akudziwa?"

"Izi ndi za tekiniki, mama, sangazimve."

Anaigoneka pamwamba pa nsomba za pende n'kutseka. Ine ndinakhala pamthunzi ndi amuna awo, tinayamba kukangana za mpira, ndipo mphindi khumi zija zinabereka maola awiri.

Poitulutsa inali itayera mbuu. Pofika nayo kunyumba inali ikutuluka thukuta paliponse, madzi akuyenderera m'mabatani. Munthu wanzeru akanadikira kuti iume. Ine ndinaipukuta ndi malaya n'kuiyatsa. Ndipo abale, inayaka! Mapu anatseguka, mbuzi zanga zonse zili ndaa m'zigwa, ndikasuntha zikusuntha. Ndinaimirira n'kudziombera m'manja ndekha m'nyumba. Kenako ndinamva kuti thwa, kunada, ndipo kunatuluka kafungo ka waya wopsa kosakanikirana ndi nsomba.

Mayi a Tina atalowa sanafunse zambiri, mphuno inawauza.

"Bambo a Tina, komputadori yanga ikununkha pende chifukwa chiyani?"

"Ndi kalori wa kuno uyu, mayi, kutenthaku. Makinawa sanapangidwire Tete."

"Kalori amanunkha nsomba?"

Ndisanapeze bodza lachiwiri, Dona Rosa anafika pakhomo atanyamula nsalu ija, imene ndinaiiwala kwawo, n'kufunsa mokoma mtima ngati wodwala wachira.

Lolemba tinapita nayo kwa Mano Abílio (kuno achimwene timati mano), wokonza makompyuta kudera la Samora Machel. Anaitsekula, anainunkhiza, anandiyang'ana. Anati madzi alowa paliponse, ndipo posungira zinthu ndi pomatiriridwa ku bolodi imene yapsayo, moti palibe chotulutsamo. Mayi a Tina anati palibe vuto, zonse zili pa intaneti. Analowa pa kompyuta ya Mano Abílio, ndipo monografia inalipodi, koma yothera pa tsiku limene katswiri anazimitsa kachizindikiro kaja. Mutu womaliza wonse, ntchito ya masabata awiri, kunalibe.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi pa benchi, manja pamiyendo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zaka zinayi, bambo a Tina." Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinachita mantha kuona munthu wolimba ngati iwo misozi ili lengelenge.

Pamene zinafika poipitsitsa ndi pamene Mano Abílio anafunsa chimene chinkachedwetsa makinawo, ine n'kutulutsa fulashi m'thumba. Eya, mapu anga ndinali nditawasunga pa fulashi. Ufumu wa mbuzi unali ndi kope, digiri ya mkazi wanga inalibe. Anawatsegula, nayonso kompyuta yake inayamba kubuula. Anasankha mbuzi imodzi n'kuikuza mpaka inadzaza galasi lonse.

"Epa, mano, taonani. Nkhupakupa iyi ili kukhutu ikuoneka miyendo yonse. Mbuzi iliyonse ndi foto yathunthu, ndiye mwaika zingati?"

"Mili ndi kanthu."

"Mili! Chikwi chathunthu! Pa mapu ikuoneka ngati nyerere, koma makina akusenza tonde wamoyo."

Anachepetsa chithunzicho, n'kuuza pulogalamu kuti mbuzi zonse zitengere chatsopanocho. Sipanathe mphindi ziwiri, mapu anayamba kuthamanga. Anali malangizo omwe aja a munthu wa mitengo ya paini. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndinayankhidwa, phulalo n'kudyabe.

Mwayi wake mayi a Tina amayamba alemba pamanja m'kope asanatayipe. Tinabwereka kompyuta kwa mlamu wanga, ine ndinapempha tchuthi kuntchito, ndipo masiku atatu ndinakhala pampando ndikutayipa ndi zala ziwiri, iwo akuwerenga mokweza. Mawu okhawo amene ankandilankhula anali a m'kopemo, kuphatikizapo zizindikiro zopumira, "virgula" ndi "pontu". Lachisanu anapereka, ndipo patapita mwezi anakhoza bwino.

Buku lomata bwino litabwera kunyumba, ndinatsegula tsamba la kuthokoza, mtima uli dyokodyoko, poti masiku atatu si masewera. Anathokoza Mulungu, makolo awo, aphunzitsi awo ndi Tina. Anathokoza mlamu wanga chifukwa cha kompyuta, ndi Mano Abílio chifukwa cha kuleza mtima. Ndinawerenga kawiri, ndinatembenuza tsamba kuona ngati kuseri kuli mawu ena.

"Mayi a Tina, apa sipanasowe dzina?"

Anandilanda bukulo, anayang'ana tsambalo bwinobwino, n'kundibwezera.

"Mwina linafufutika ndi kalori," anatero, n'kupita kukaanula zovala.