Maimelo a chinkhoswe cha Chisomo

Lolemba
Komiti yandipatsa ntchito yoitana abale ku chinkhoswe cha mchemwali wanga Chisomo, Loweruka lino kwathu ku Kawale. Pafoni ayi, Malume a ku Chilinde amati munthu wamkulu amaitanidwa ndi kalata. Ndauza komiti kuti imelo ndi kalatanso, makhadi ndi zachikale. Ndabwereka seva pa intaneti, kompyuta ya kampani ina yakunja, yotumizira zonse kamodzi. Amayi akundiyang'ana ngati ndagula galimoto. Ndikumva kukoma!

Lachiwiri
Ndadina batani lotumizira maimelo. Sinapite ngakhale imodzi! Angoima pamzere ngati anthu kuchigayo. Kani seva yatsopano amaitseka kuti isatumize maimelo, poopa akuba ndi otsatsa malonda, ndipo kuti atsegule uchite kupempha. Ine wakuba? Chisomo wafunsa. Ndati zili m'njira.

Lachitatu
Ndalemba pempho mwaulemu wonse: moni, mwadzuka bwanji, ana kunyumba, mvula kumeneko. Ayankha osabweza moni. Mafunso basi:
- anthuwa anavomera kulandira makalata anu?
- wofuna kuti musamamulembere achite bwanji?
Ndawauza zoona. M'bale sapemphedwa chilolezo. Ndipo pachibale munthu sachotsedwa, ngakhale amene sitilankhulana naye timamulembera ndithu, akakane yekha.

Lachinayi
Akana! Akuti khalidwe limenelo ndi lomwe amatsekera. Ndapemphanso, ndatumiza ndi chithunzi cha Chisomo atavala chitenje chake chatsopano. Amayi agula kale nkhuku. "Nanga malume ako bwanji ali zii?" Ndati atanganidwa. 

Lachisanu
Kampani zii. Ndazemba kuntchito ku Kanengo, ndasindikiza makalata, ndakwera kabaza.
Tsabango: azakhali ali kumunda, ndasiyira mwana wapafupi.
Area 25: akuchimuna anamva kalekale kwa mwana wawo, andiseka m'Chitumbuka.
Chilinde: Malume kalata sanaigwire n'komwe. "Za mawa mundiuze lero? Mwandiyesa wongodzazira mpando ine?"
Ena onse sindinawafikire, dzuwa lalowa.

Loweruka
Mbali ya akuchimuna yadzaza, abwera ndi kwaya yomwe. Mbali yathu mipando yokhayokha. Malume kulibe. Chisomo akuvina, akumwetulira alendo, koma ine sakundiyang'ana. Zandiwawa kwambiri, mwanayu anandikhulupirira. Ndabisala kuseri, ndikutsuka mbale.

Lamulungu
Tikutuluka m'tchalitchi, uthenga wa kampani: atsegula, akupepesa pochedwa. Maimelo onse omwe anaima pamzere apita okha, iliyonse ikuti "mukuitanidwa Loweruka lino."

Masana Malume aimba, mawu ali myaa. "Ndaona mwasuntha tsiku chifukwa cha ine. Ulemu ndi umenewo, mphwanga. Loweruka ndibwera ndi banja lonse."

Ndangoti zikomo, Malume. Azakhali nawonso ayankha kuti abwera. Amayi akuti nkhuku zake ndigula ndine, ndipo Chisomo ndikamuuze ndekha kuti avinanso.