Mavoti a Kachewere a Malume Goliati

Kwathu kuno kumtunda kwa Lizulu, munthu akamva kachewere akugwera m'debe pakati pa usiku, kuti gubudu, kenaka zii, kenakanso gubudu, ankangotembenuka pamkeka n'kupitiriza tulo. Tonse tinkadziwa kuti ndi amalume a Goliati akuchititsa chisankho. Mkulu ameneyu sankachita kanthu popanda voti. Ngakhale kukaona chimene chauwitsa galu ankayamba avotera kaye ali okhaokha, dzanja lamanja likuti "tituluke", lamanzere likuti "tigone". Kawirikawiri lamanzere ndilo linkapambana.

Matendawa anawatenga kunkhondo ku Bama. Dzina ndi Goliati koma thupi kanali kamunthu kochepa, moti ena ankati kuusilikali anawatenga kuti azikwawira kunsi kwa magalimoto. Kumeneko anaona asilikali achizungu akulemba timapepala, ndipo posakhalitsa anamva kuti nduna yaikulu ya kwawo kwa azunguwo yachoka pampando, popanda nthungo, popanda maliro. Nzeru imeneyo anabwera nayo kumudzi pamodzi ndi jasi ndi madebe awiri. Mapepala kwathu ndi osowa, koma kachewere sasowa. Ndiye ankaika madebewo kuseri kwa nkhokwe, aliyense n'kupita yekha kukaponya kachewere mmodzi m'debe limene wafuna.

Akazi awo, mayi Esnath, amene iwo ankawaitana pamfunda kuti Nangozo, anali a ufumu basi.

"Nanga azungu anuwo, mfumu yawo anaichotsanso ndi timapepalato?" ankafunsa mayiwo.

"Ayi, imeneyo ilipo."

"Ndiye mukuona. Amangosintha akapitawo, mwini munda osamukhudza. Mfumu, bambo, ukaifuna umaipeza. Manda a mayi ake ali pomwepa, ingathawire kuti?"

"Nanga ikakhala chitsiru, Nangozo?"

"Chimakhala chitsiru chathu. Tinachiona chikukwawa."

Tsoka lake linali lakuti amalume sanapambanepo chisankho pakhomo pawo. Anavotetsa zopha mbuzi pa Khirisimasi, anagwa. Anavotetsa zoti Loweruka lizikhala tsiku la mowa, anagwa. Ana onse ankaponya kumene kukuponya mayi awo, chifukwa mayi awo ndi amene ankakazinga zitumbuwa. Madzulo mayi Esnath ankakhuthula madebe aja mumphika, n'kuwaikira amuna awo pamphasa.

"Idyani ufulu wanu usanazizire."

Tsiku lina amalume zinawakwana. Anavala nthenga kumutu ngati akupita ku ngoma, anakhala pampando pakhonde, n'kulengeza kuti mavoti atha, kuyambira lero pakhomo pano pali mfumu. Analamula madzi osamba. Anadikira mpaka dzuwa pamutu. Amene anabwera kudzaonekera pamaso pa mfumu anali bakha yekha. Pofika madzulo anatulutsanso madebe aja, akudandaula kuti ufumu uli ndi njala.

Tinkangoseka, mpaka chaka chimene boma linakhoma zikhomo m'minda mwathu, n'kulamula kuti tiunde milambala motsatira zikhomozo, wokana apite kundende. Mwana wanga Janeti anali asanamere mano. Anthu anali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unapeza mlendo, bambo Kenneth, amene anabwera pa njinga kuchokera ku Bulantaya m'dzina la chipani.

Munthu wokondeka ngati ameneyo sindinamuonenso. Agogo ankawagwadira, ana ankawanyamula, nthabwala yako ankayamba kuiseka usanaimalize. Anatiuza kuti nthawi ya mafumu ikupita, ikubwera ya anthu osankhidwa ndi ife eni, ndipo poyambira pake anyamata onse akazule zikhomo Loweruka m'mawa. Amuna anga a Silvester anabwerera kunyumba akuyenda ngati iyeyo, akuseka ngati iyeyo.

Ine mtima unali m'mwamba. Kumudzi wa kutsidya boma linali litatengako amuna mwezi wapitawo, akazi n'kutsala akulima okha ndi makanda kumsana. Komanso ndinali nditaona kanthu kena. Tsiku lililonse mlendoyo akafika, asanapereke moni kwa aliyense, ankayamba watembenuza njinga yake kuti iyang'ane kumsewu.

"Kuphunzira konse kuja kwa masisitere ku Nzama anangokuphunzitsa mantha?" anatero a Silvester nditawauza.

Ndinabereka Janeti n'kupita kwa amalume. Zikhomozo nawonso ankadana nazo, chifukwa chimodzi chinakhomedwa pakati penipeni pa kabichi wawo.

"Mnyamatayo ine ndamukonda," anatero.

"N'chimene chikundiopsa, malume. Tonse tamukonda. Akawagwira bambo a Janeti, iye adzakhala ali kuti?"

Anakanda ndevu, ndipo nditatchula za njinga ija anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana wa mlongo wanga, maso ako ngati a kabawi. Pita ukauze amayi onse kuti Lachisanu abwere ndi kachewere awiriawiri."

Lachisanu pamsonkhano amalume anafika atavala jasi, madebe ali m'manja. Chisankho choyamba chinali chakuti tizule zikhomo kapena ayi. Debe la "tizule" linadzaza. Bambo Kenneth anaomba m'manja, anawakumbatira amalume n'kuwanyamula m'mwamba ngati mwana, akuti mudzi uno ndiwo wadziwa ufulu.

"Nditsitseni, achimwene, chatsala china," anatero amalume. "Tisankhe wotsogolera. Amene akazule chikhomo choyamba, ndipo amesenjala a kuboma akafika, akatchule dzina lake. Debe ili ndi lanu. Lina ili likhale langa, poti ine sindinapambanepo chiyambire."

Amayi analuluta. Anthu anamuvotera mlendoyo ndi mtima wonse, poti ankamukondadi. Debe lake linasefukira, kachewere wina n'kumagubuduka kutsikira kudambo. M'debe la amalume munali kachewere mmodzi, wamng'ono, wobiriwira mbali imodzi.

Bambo Kenneth sanasiye kumwetulira, koma mano anauma. Anati walemekezeka kwambiri. Anati ulemu wotere sangaulandire chimanjamanja, ayenera kufika kaye pa Lizulu akatenge mabaji a chipani. Njinga inali itayang'ana kale kumsewu. Tinangoona fumbi.

"Mfumu ikanathawa pa njinga iti?" anafunsa mayi Esnath mokweza.

Amalume anatola kachewere wawo uja n'kumuyang'ana ngati dzira la nkhanga. "Waponya uyu ndani? Ine ndinavotera mlendo."

Mayi Esnath anakonza duku lawo, akuyang'ana kumbali. "Ndinangomva chisoni ndi debe lopanda kanthu."

"Nangozo, ndapambana. Woyamba akathawa, mpando ndi wa wachiwiri." Anaimirira pamtondo kuti aoneke. "Zikhomo tizula, poti mwavotera. Koma lamulo langa loyamba ndi ili. Mwamuna aliyense amene mwana wake sanayambe kuyenda, mawa asatuluke m'nyumba."

A Silvester anadzuka atapsa mtima. "Zimenezo tivotere, malume."

"Palibe voti, mkamwini. Lero ndine mfumu. Khala pansi."

Ndipo anakhaladi pansi. Aka kanali koyamba kuti ufumu wa amalume umveredwe ndi munthu osati bakha.

M'mawa mwake amalume anapita ndi madoda a imvi okhaokha. Anazula zikhomo, anazimanga mtolo ngati nkhuni, n'kukhalapo kudikira. Amesenjala atafika, amalume anatchula dzina lawo lonse osafunsidwa, kenaka n'kupempha kuti zowamangazo ziyambe zavoteredwa. Mesenjala wina akuti anatembenukira kumbali kuti aseke. Komabe anawatenga. Anabwerako mvula itatha, jasi ikuwakulira kuposa kale, ali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kachewere wa chaka chimenecho tinakumba titawaika kale m'manda.

A Silvester ali pompano, akusema mpini pakhonde pamene ndikulemba izi. Janeti akuyenda tsopano, ndipo ndikaona akukoka bambo ake chala ndimatulukira kuseri kwa nyumba kwa kanthawi. Usiku galu akauwa ndimadzidzimuka n'kutchera khutu, kudikira gubudu uja kuti ndidziwe kuti kunja kuli bwino. Kulibe. Mudzi umagona ngati wathawidwa.

Mayi Esnath akuti iwo akadali a ufumu, zamavoti n'zachibwana. Koma madebe aja sabwereketsa, ngakhale kwa ine wofuna kutungira madzi. Dzulo tamva kuti Lamulungu kukubwera mlendo wina wa chipani, wansangala kwambiri, wokonda ana. Ndawapeza mayi Esnath atakhala kuseri kwa nkhokwe, akukwecha madebe onse awiri ndi phulusa.