Matanthwe a mu Kaseti ya Felesiya

Lolemba

Pepani inu amene mungadzatsegule kabuku aka, mulibe nkhani yoti n'kukutayitsani nthawi. Ine ndine woyeza ana pa sikelo pa kachipatala kathu kuno ku Neno. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Ndimalemba chifukwa m'nyumba muno mulibe woti ndimuuze. Mayi a kunyumba anatisiya zaka zitatu zapitazo.

Lero kwabwera phukusi! Abweretsa ndi a Gomani, dalaivala wa ambulansi. Lachokera kwa Felesiya, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene akuphunzira za nyuzipepala ndi wailesi ku koleji ku Blantyre. Miyezi inayi ali zii, lero walemba.

M'phukusimo muli:
1. kaseti ya vidiyo, yakuda, yopanda chithunzi
2. kalata ya tsamba limodzi, kuseri kulibe kanthu, ndayang'ana kawiri

Kalatayo ikuti: “Ababa, ndithandizeni. Aphunzitsi akufuna kafukufuku. M'kasetimu muli nyimbo za roko. Muonetse anthu khumi a kumudzi, mulembe zimene anene, munditumizire ndi a Gomani Lolemba likudzali. Popanda zimenezi sindikhoza chaka chino.”

Ndithandizeni. Liwu limeneli ndikuliwerenga mobwereza. Anandiuza komaliza ali wamng'ono, akulephera kufikira nachesi mumtengo umene anabzala mayi ake.

Tsopano roko. Ndikukumbukira bwinobwino, mu Sitandade 6 aphunzitsi anatiuza kuti roko pa Chingerezi ndi thanthwe. Nanga nyimbo za thanthwe zingakhale za yani ngati si za Mulungu? M'buku lathu la nyimbo ndapezamo zinayi zotchula thanthwe. Mwana sanataye chikhulupiriro m'tauni!

Ndikudya mbatata ndili chiimire, chifukwa cha chimwemwe.

Lachiwiri

Vidiyo m'dera lonse lino ndi imodzi, ya kuchipatala, imene timaonetsera filimu ya kolera. Makiyi ake amasunga a Mwalwanda, adokotala athu ochokera kumpoto. Ndikugogoda, chipewa m'manja.

“Roko? Inuyo, abambo a Sikelo? Ndiye mtima wanu ndi wachinyamata, eti!” Akuseka mpaka kugwira tebulo. Ndikuthokoza. Si kawirikawiri munthu kukuyamikira pa za uzimu.

Avomera. Lachinayi masana, m'chipinda chodikirira odwala. Koma petulo wa mu jenereta ndi wa ola limodzi basi, choncho zoti ndiyambe ndaonera ndekha palibe. Zikundivuta pang'ono. Ine ngakhale mwana ndimamuyeza kawiri.

Anthu khumi: ndani angadziwe nyimbo za thanthwe kuposa amayi a kwaya ya mpingo wathu? Ndapita kwa a Nachisale, mtsogoleri wawo. “Azungu akuimba zotamanda? Tibwera tonse, mwina tingatolepo kaimbidwe katsopano.”

Tonse ndiye kuti amayi makumi awiri ndi atatu. Felesiya anati khumi. Kodi kupyola n'kulakwa?

Ndajambula mizere ndi rula. Magawo anayi:
Nyimbo
Vesi la m'Baibulo
Matanthwe angati
Zonena anthu

Mzere umodzi wapindika. Ndayambiranso tsamba lina.

Mawu olandirira alendo ndikuyeserera pakhonde. Omvera: nkhuku ziwiri. Imodzi yachoka ndisanamalize.

Lachitatu

Nkhani yafika kwa a tcheyamani a chipani a dera lino. Andipeza pa sikelo, mwana ali lende pa mbedza.

“Msonkhano wa anthu makumi awiri ife osadziwa? Kasetiyo ili ndi chidindo cha a boma oyang'anira mafilimu?”

Ndikuitembenuza uku ndi uku. Chidindo palibe. Thukuta, chonsecho kukuzizira. Ndikuwatulutsira khadi langa la chipani, ngakhale sanalifunse. Ndikufotokoza za thanthwe, mpaka kuwatchulira manambala a nyimbo zinayi zija.

“Ngati n'za Mulungu palibe vuto. Tibwera ndi mayi a kunyumba. Mutikonzere mipando yakutsogolo.”

Anthu makumi awiri ndi asanu!

Mwana uja ndinamuiwala pa mbedza. Mayi ake sanakondwe.

Zokonzekera:
mabulangete anayi otchingira mawindo
mapensulo awiri osongola, yachitatu yosungira
shati yoyera, kusita
manachesi dengu limodzi, a alendo

Pothyola manachesi ndikudzipeza ndikuyankhula ndi mtengo. Ndikuuuza kuti mwana wathu walemba.

Lachinayi

Sindikudziwa poyambira.

Onse afika, ena atanyamula mabuku a nyimbo. A Nachisale atsegula ndi pemphero. Mawu anga olandirira alendo ayenda bwino. A Mwalwanda alowetsa kaseti, nthawi yomweyo aitanidwa, kuli mayi wayamba kubereka. Atuluka akuyang'ana amayi a kwaya ndi nkhope yachilendo. Akufuna kunena kanthu, koma namwino akuwakoka.

Kenako phokoso. Ngati malata onse a ku mishoni ya Matandani akugwa nthawi imodzi!

Utsi. Moto. Amuna anayi, tsitsi mpaka m'chiuno, pachifuwa pali mbee. Tsitsi lotere kuno apolisi amakumeta pamsewu! Mmodzi akukuwa ngati waponda khasu. Kukubwera mkazi atavala buluku. Buluku lachikopa, pamaso pa a tcheyamani!

Ndikudziuza kuti mwina awa ndi anthu otayika, thanthwe libwera kutsogolo kudzawapulumutsa. Pensulo ili m'manja. Ntchito ndi ntchito, ndikulemba zonena anthu:

“Kodi amenewa ndi amuna kapena akazi?”
“Wamwalira ndani kuti azilira chonchi?”
“Nyumba ikupsa iwo ali kalikiliki kuimba!”
“Mayi ake a mnyamatayu alipo koma?”
“Ameneyo ndi mutu waukulu, mugwireni angalume lilime!”
“Abambo a Sikelo, ndiye zimene mumaonera mukakhala nokha?”

Lomalizali landilasa.

Nyimbo yachiwiri, wina akuphwanya gitala. Gitala yabwinobwino! Mayi a kunyumba kwa a tcheyamani adziphimba kumutu ndi chitenje, koma diso limodzi lili panja.

Ndikufuna kuzimitsa, sindidziwa batani lake. Ndadina loyamba: amuna aja ayamba kudumpha mothamanga ngati ziwala. Lachiwiri: phokoso lawirikiza. Ndavula jekete, ndaphimba sikirini. Kukuwa kukupitirira mkati mwa jekete langa.

Ndathamangira panja, ndazimitsa jenereta. Zii.

Pobwerera ndikukumana ndi amayi akutuluka pamzere, palibe wondiyang'ana. Kaseti yatsakamira m'makina, akuti siituluka popanda magetsi. Manachesi onse apita, dengu lomwe.

Matanthwe: limodzi. Nyimbo yachitatu, jekete litatsetsereka, ndinaona munthu ataimirira pa thanthwe, tsitsi likuuluka. Sindikuganiza kuti amapemphera. Komabe ndalemba.

Lachisanu

Palibe wondipatsa moni. Ku sikelo kwabwera ana asanu ndi mmodzi okha. Enawo akuti amayi awo awatengera ku sikelo ya ku Magaleta. Mtunda wonsewo, kuthawa ine!

Ndazungulira makomo a amayi a kwaya kuti asaine maina pa zimene ananena. Makomo asanu ndi atatu. Ena akuti ali kudimba, koma ndikuwamva akutsokomola m'nyumba.

Masana a tcheyamani abwera ndi kope lawo.

“Tsitsi lija mwaliona. Buluku mwaliona. Chidindo palibe. Tsono tiuzeni bwinobwino: kasetiyi wakupatsani ndani?”

Ndikuganiza za Felesiya. Dzina la mwana wa sukulu likalowa m'kope lotere, silithera m'kopemo. Limakwera basi, limakafika kumene iye ali.

Ndikumva pakamwa panga pakunena kuti: “Ndi yanga. Ndinagula ndekha. Ndimaikonda.”

“Mumaikonda?”

“Kwambiri.”

Alemba. Andifunsa kalembedwe ka roko, ndawathandiza.

Bodza langa loyamba chibatizidwireni. Kalata ya Felesiya ndaibisa m'bokosi la makadi akale a sikelo, pansi penipeni, pamodzi ndi kabuku aka ndikamaliza kulemba.

Dzuwa lisanalowe dzina lasintha kale. Sindinenso abambo a Sikelo. Anthu akudutsa pamsewu akuti, “Pamenepo ndi pa a Roko.”

Loweruka, tsiku la Sabata

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Benchi lonse langa ndekha, mpaka ndaikapo chipewa kuti chikhale ngati mnzanga.

Kwaya yasintha nyimbo. Zinayi zija palibe ndi imodzi yomwe. Koma wowerenga Mawu, osadziwa kanthu, wafika pa vesi lotchula thanthwe. Mitu makumi awiri ndi itatu yatembenuka nthawi imodzi. Wina waphulika nako kuseka, wanamizira chifuwa.

Tikutuluka, mkulu wa mpingo wandikokera pambali. “Mbale, Sabata likudzali mudzaonekere pamaso pa akulu. Mudzatifotokozere kuti roko ameneyu n'chiyani, ndipo munayamba liti.”

Ndinayamba liti! Ndikanadziwa n'komwe kuti n'chiyani!

A Nachisale andidutsa osaima, maso kutsogolo, koma ndawamva: “Zonsezo n'zauchikunja. Koma woimba ng'oma uja manja ali nawo.” Ndathamangira kunyumba kukalemba ndisanaiwale. Kulemba pa Sabata. Tchimo lachiwiri.

Masana ndikudutsa kuchipatala, jenereta ikulira. A Mwalwanda ali pakhonde, akupukuta misozi ya kuseka. “Pepani abambo anga, ndikanadziwa kuti mwaitana kwaya! A tcheyamani abwera ndi petulo wawowawo kuchokera ku Chifunga. Akuti akufufuza. Aka n'kachitatu.”

Chitseko n'chotseka. Mabulangete anga ali m'mawindo. Pansi pa chitseko ndikuona nsapato imodzi ikugunda simenti, ikutsatira ng'oma.

Lamulungu

Kuzizira. Nkhungu mpaka m'mapiri. Nkhuku zokha pabwalo.

Kuwerengera:
osaina maina: palibe
mavesi a m'Baibulo: palibe
matanthwe: limodzi
kaseti: a tcheyamani akuti kufufuza kukadali mkati
dengu: silinabwerere
mabulangete: awiri mwa anayi aja anali a pabedi panga

Mizere yanga ya rula yangokhala mbee. Ndayesa kukopera zonena anthu pa pepala loyera kuti zioneke zaulemu, koma zikakhala pazokha zikumveka ngati za anthu a misala. Basi. Ndithothola masamba awa momwe alili, a Gomani anyamule mawa m'thumba la shati, osati pa positi.

Ndiye kuti wowerenga amene ndinamupepesa Lolemba uja ndiwe, Felesiya. Pepanso kachiwiri.

Mwanawe, anthu khumi ndalephera. Ndinapeza makumi awiri ndi asanu, ndipo onse andithawa. Zimene ananena zili pa Lachinayi, china chimodzi pa Loweruka. Ndi zoona zokhazokha, sindinawonjezere. Maina palibe, ndipo lako usalembe paliponse pafupi ndi kaseti ija. Kuno ndi yanga, ndimaikonda. Ngati aphunzitsi ako akufuna maganizo a munthu wa kumudzi amene wasaina, lemba anga: ng'oma zili bwino, gitala asamaphwanye, ndipo anyamatawo akuoneka kuti ali ndi chinachake chikuwapweteka chimene alibe womuuza. Kukuwa kotero ndikukudziwa. Ine ndimangokuchitira m'kabuku.

A Gomani abwereranso kuno Lachisanu. Chonde yankho lako libwere nawo, lisapyole tsiku limenelo, chifukwa Loweruka ndikaima pamaso pa akulu a mpingo. Mafunso ndi awiri:

1. Kodi roko n'chiyani kwenikweni?
2. Kodi ubwera pa tchuthi? Manachesi a mumtengo wa mayi ako atsala a kunthambi yam'mwamba okha. Ndauza aliyense kuti amenewo ali ndi mwini wake.

Ngati nthawi yakuchepera, loyambalo lisiye. Kwa akulu ndikadzionera ndekha.