Aphunzitsi Akugula Pikapu

Lolemba

A Chisale, otsogolera kwaya yathu, anena poyera: Lamulungu tikupempherera panja, pamchenga wa kunyanja, ndipo gitala yanga ikapanda kumveka, malo anga atenga kiyibodi. Zaka zonsezi ndimaima kumbuyo kwa amayi a sopulano, zala mpaka matuza, koma mwera ukangowomba ndimangooneka ngati munthu wokanda pamimba.

Madzulo woimba wa pa loji ina ku Senga Bay wandionetsa kanthu kotchedwa pikapu. Kochepa ngati bokosi la machesi. Wakhudza nsambo imodzi yokha, mawu adzaza bwalo lonse, galu wogona mpaka kudzambatuka. Ine kukamwa yasa! Anthu anzeru alipo padziko pano. Ndikugula basi.

Lachiwiri

Kani mapikapu ndi amitundumitundu! Pafoni ndaona:
– ya maginito, yomangirira pabowo la gitala
– yomata pathabwa ngati chingamu
– yobisa pansi pa nsambo, yofuna kuboola gitala (ndakana, gitala iyi anandisiyira malume)
– ina ya kamaikolofoni m'kati

Mutu ukuzungulira. Ndasankha ya maginito chifukwa ikunyezimira.

Ndaimbira foni mlamu wanga ku Lilongwe ndili mu ofesi ya aphunzitsi: "Mundipezere pikapu yabwino, yakuda, ifike Lachinayi." Anzanga onse andicheukira. Ahedi andipatsa mpando wawo. Chifukwa chake sindikuchidziwa, koma ndakhalapo.

Lachitatu

Zodabwitsa! Wakabaza akuti "bwana". Mayi ogulitsa tomato andiikira basela woposa mulu weniweniwo. Kenako a Jafali, eni bwato, afika kunyumba atavala mkanjo woyera: "Inshallah ikafika, madengu anga a usipa azipita ku Chitala ndi inu." Ndawauza kuti ndi kanthu kakang'ono chabe. Akuti kudzichepetsa n'kwabwino.

Mkazi wanga waseka mpaka kukhala pansi. Mudzi wonse ukudikira galimoto.

Koma ulemu ndi wokoma, abale. Ndiwauza mawa.

Lachinayi

Sindinawauze. Yafika pa minibasi, m'jumbo ya shuga. Pasiteji anthu anali mbwee. Kondakitala wandipatsira jumboyo pawindo. A Jafali ayang'ana jumbo, ayang'ana ine, ayang'ananso kumsewu ngati kukubwera china. Achoka osatsanzika. Basela watha, ubwana watha, mpando ahedi atenga.

Koma kukongola kwake kanthuka! Kali patebulo. Ana ndawaletsa kupumirapo.

Lachisanu

Ndalumikiza ku sipika ya tchalitchi. Ndakhudza nsambo. Zii. Ndakweza voliyumu mpaka kumapeto. Sipika ikungong'ung'udza yokha.

Ndathamangira ku loji. Woimba uja wangoyang'ana kamodzi: "Akulu, maginito amamva waya. Nsambo zanuzi ndi nayiloni." Zoonadi. Ziwiri mwa izo ndi chingwe cha mbedza, chochokera kwa a Jafali omwewo.

Taganizani, kachitsulo kosankha zoti kamve! Ndakhumudwa, komabe ndikukapatsa ulemu. Mnzangayo wandibwereka yake yomata.

Loweruka

Iyi ndiye imamva zonse. Zonse!
– batani la malaya
– mphete yaukwati
– kupuma kwanga
– nyemba za masana zikamakambirana m'mimba

Ndagogoda thabwa ndi chala chimodzi: bingu! Nkhuku zathawira kuseri. Misozi ili pafupi. Mawa ngakhale asodzi a ku chilumba cha Mbenji andimva.

Mkazi wanga wamvetsera pang'ono, mutu atapendeketsa: "Nyimbo yake ndi iti imeneyi?" Nsanje basi.

Lamulungu

Ndamveka.

Mwera wayesetsa, walephera. Gitala ya malume ikugunda mchenga wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba ndikudzimva ndekha. Kwaya ikupita kumpoto, ine kumwera. Iwo akukwera, ine ndili pa makodi anga atatu omwe aja, amene ndimaimbira nyimbo iliyonse chibwerereni ku Salima. Amayi a sopulano acheuka onse nthawi imodzi. Abusa atsinzina, ndipo si pemphero.

Pa ndime yachiwiri a Chisale asendera pang'onopang'ono, dzanja limodzi likuimbitsabe, linalo lazula chingwe ku sipika. Pomwepo kwaya yawongoka. Kukoma kwake, mayo! Mawu a anthu okha, nyanja ikuvomera kumbuyo. Tsitsi mpaka kuima. Zaka zonsezi ndimayesa kukomako ndimathandizira ndine.

Titaweruka a Chisale andigwira paphewa: "Aphunzitsi, za kiyibodi iwalani, malo anu ndi anu. Koma muziimba monga kale."

Yomata ndabweza kwa mwini wake. Ya maginito ndamangirira pabowo, ikunyezimira bwino kwambiri. Chingwe chake chikuthera m'thumba langa.