Mmene Ndinabwezera Denga ku Lusaka

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Koma poti Sinda yense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Mpingo wathu unkamanga holo yaikulu yopanda mzati pakati, ndipo tcheyamani wa komiti ndinali ineyo. Ntchito ndinkaithamangitsa, chifukwa ukwati woyamba kuchitikiramo unali wa mwana wanga Misozi, ndipo mvula inali pafupi.

Lole ya zitsulo za denga itafika kuchokera ku Lusaka pamodzi ndi mayi wina amene anali injiniya ndi amisiri ake, ndinatola mwala n'kugogoda chimodzi. Ngo! Ngo! M'kati mphako yokhayokha!

"Amayi injiniya, n'chiyani ichi?"

"Ndi mapaipi a denga, a tcheyamani."

"Mapaipi? Tinapempha denga kapena borehole?"

"Ndiye design yake. Paipi ipepuka koma ilimba. Chitsulo chodzaza chingalemere, zipupa zanu..."

"Bodza! Mwadya zam'kati, ife mwatibweretsera makoko!"

Anthu anaomba m'manja, ine mutu n'kukula. Mayi uja anatambasula mapulani kuti andionetse, koma ndinawakankhira uko. Ndinalamula lole ibwerere kumene inachokera, ndipo ndinaiperekeza ndekha mpaka pa msewu waukulu.

Abusa anakafunsa injiniya wina ku Chipata. Anabwerako ali ndwii. Mapaipi aja analibe vuto lililonse. Tinaimba foni kupepesa, koma amisiri anali atayamba kale ntchito ina ku Petauke.

Ukwati unachitikabe m'holo momwemo, denga lake mitambo. Akwati akulowa, mvula inati bwera! Keke inasungunuka, diresi loyera linasanduka lamatope, ndipo asewere anga anadya mpunga atafunda matumba a feteleza. Misozi sanalire, koma bola akanalira. Mtima unandiwawa kwambiri, mpaka lero umandiwawabe.

Alendo atabalalika, Misozi anabwera pamene ndinabisala, diresi likudontha.

"Atate, njinga yanu ija imanyamula matumba angati a chimanga popita ku Katete?"

"Ngakhale atatu, mwanangu."

"Inathyokapo?"

"Ayi, ndi chitsulo chenicheni chija!"

Anatola mwala n'kundipatsa m'manja.

"Kaigogodeni."

Ndinapita. Ndinagogoda. Abale inu, zaka zonsezi ndakhala ndikupalasa mapaipi!

Akakuomberani m'manja musanamve mbali inayo, yambani mwagula ambulera.