Wotchi ya Amalume Ake a Nabanda

Mpaka lero ndikamadutsa pa Nathenje ndimayenda chowerama, kuopa kukumana ndi munthu wokumbukira za wotchi ija. Ndikuuzani, koma musakafalitse.

Inali nthawi imene sukulu za pulayimale zinangoyamba kukhala zaulere, ndipo ine ndinali mmodzi mwa aphunzitsi olembedwa mothamanga aja, ku Mitundu. Ndinalinso pa ubwenzi ndi Nabanda, ndipo tsiku la chinkhoswe chathu linali m'manja mwa amalume ake, a Gwaza a ku Nathenje. Iwo akati ayi, zonse zathera pomwepo. Tsiku lina anandibwereka wotchi yawo ya manambala, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni, kuti ndizionera nthawi pa mayeso a ana.

"Mukaisamale, aphunzitsi," anatero. "Imeneyitu chiigulireni sinadwalepo."

Lachinayi ndinaivula kuti ndisambe choko m'manja pa mjigo, n'kuiika pa lata lovundikira mgolo. Basi kuiwala. Uwu unali mwezi wa Okutobala. Pomwe ndinkakumbukira, dzuwa likuswa mtengo, galasi lonse linali bii ngati makala a ku Dzalanyama, manambala osaoneka ndi imodzi yomwe. Ndinaigwedeza, ndinaiuzira mpweya, mpaka kuiika kukhutu (wotchi ya manambala silira, koma mutu unali utasiya kale kugwira ntchito). Ndinaikulunga m'kampango, osafunanso kuiona.

Ndinakadandaula kwa a Phiri, mphunzitsi mnzanga wokonda za sayansi.

"Musade nkhawa," anatero. "M'galasimo muli tinthu tosakhala madzi komanso tosakhala mwala. Tikazizira timandandalikana bwinobwino, tikatenthedwa timabalalika."

"Ndiye yafa kapena ili moyo?"

"Zimatengera kuti yatentha motani."

Ndinachokapo wosokonezeka kuposa mmene ndinabwerera. Chomwe ndinatolapo n'chakuti tinthu ta a Gwaza tabalalika, ndipo wobalalitsa ndine.

Loweruka ndinagwira tambala wanga mmodzi yekhayo, kumumangirira pa njinga, ulendo wa ku Nathenje kukapepesa. Ndinafika fumbi lokhalokha. A Gwaza anali pakhonde, akazi awo akukazinga mtedza pa mbaula. Ndinagwada, tambala patsogolo.

"Malume, ndalakwa. Wotchi yanu ija ndaipha."

Anamasula kampango mwakachetechete. Anayang'ana wotchi, anayang'ana ine, kenaka anaitembenuzira kwa ine. Manambala onse ali mbee, akuphethira ngati sipanachitike kanthu.

"Yafa pati?"

"Inada yonse, malume. Ndinaiona ndi maso angawa."

"Aphunzitsi, kodi mumalawa?"

"Ayi ndithu, malume."

Anatembenukira kwa akazi awo, osatsitsa n'komwe mawu. "Mwana wathu tim'pereke kwa munthu woona zinthu zosaoneka?"

Apatu munthu wanzeru akanaseka, n'kusiya tambala, n'kumapita. Koma ine zinandiwawa kuti ndikuoneka wamisala (ndine mphunzitsi wathunthu, musaiwale). Mawu a a Phiri aja anandibwerera, theka lokha.

"Dikirani ndikuonetseni."

Ndinalanda wotchi ija m'manja mwawo, n'kuiika pa chiwaya cha mtedza. Posakhalitsa galasi linada.

"Mwaonatu!" ndinakuwa mokondwa zedi. "Si misala! Tsopano ingoizizitsani, ibwerera."

Tinaiika pansi pa mtsuko. Tinadikira. Tambala uja anaphedwa, anaphikidwa, tinamudya, wotchi ili chidere. Lamba wake anali atapindika, akununkha pulasitiki yopserera.

A Gwaza anasamba m'manja mosafulumira, n'kundiyang'anitsitsa.

"Poyamba munaipha mwangozi, inadzuka yokha, mwabwera ndi tambala. Apa mwaipha dala, ine ndikuona. Mubwera ndi chiyani?"

Ndinabwera ndi mbuzi. Chinkhoswe chinasunthidwa mpaka anthu atagulitsa fodya chaka chinacho, ndipo miyezi yonseyo Nabanda ankandipatsa moni ngati mlendo wofunsa njira.

Tinakwatirana ndithu, tili ndi zidzukulu. Nkhani ya tinthu tija sindinaimvetsebe, ndipo sindinganame kuti ndinasiya khalidwe lofuna kutsimikizira anthu kuti ndikunena zoona. Kungoti masiku ano ndikangoti "dikirani ndikuonetseni," Nabanda sayankha. Amangodzuka, kutola foni, wailesi ndi magalasi ake, n'kukazitsekera kuchipinda.